MAKWERERO A SITIMA ZA PAMADZI NDI MATHITHI A SHIRE

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi wa m'boma la Neno

 Madzulo ano makasu tiyambe tawaika pakhonde, pakuti nkhani yathu ndi ya sitima za pamadzi.

Munthu aliyense amene anaimapo pa mlatho wa pa Zalewa anaona mtsinje waukulu, wa madzi ambiri, wochokera ku Nyanja ya Malawi kunka ku Zambezi mpaka ku nyanja yamchere. Kapena anadzifunsa mumtima kuti, nanga bwanji pamadzi onsewa sipapita sitima ngakhale imodzi? Funso limeneli si la lero ayi. Lasautsa anthu kuyambira chaka cha 1859, ndipo yankho lake lili pakhomo pathu pomwe pano, m'miyala ya pakati pa Matope ndi Kapichira. Koma tisanafike kumeneko ndifuna ndiyambe ndakutengani kunka kutali, ku dziko la Panama, kuti mukaone m'mene anthu anaphunzitsira sitima kukwera phiri. Mukaona zimenezo, za kwathu kuno sizidzakuvutani kumva.

Panama ndi dziko lopapatiza, lolumikiza America wa kumpoto ndi America wa kumwera. Mbali ina kuli nyanja ya Atlantic, mbali ina ya Pacific, ndipo pakati pake pali mtunda wa mailosi 50 okha. Kale sitima yochokera ku New York kunka ku San Francisco inkazungulira kunsi kwenikweni kwa America wa kumwera. Ngalande ya Panama inadula ulendo umenewo ndi mailosi ngati 8,000.

Tiyerekeze tsono kuti mwakwera imodzi mwa sitima zija zonyamula anthu ongoyenda kukaona maiko. M'bandakucha muli pafupi ndi doko la Colón. Kabwato kafika, munthu wina akwera m'sitima mwanu. Ameneyu ndiye wodziwa njira ya m'ngalande, ndipo kuyambira pamenepo kaputeni, ngakhale akhale wotchuka chotani, ayenera kumvera iye. Patsogolo panu muona zitseko ziwiri zachitsulo, zazitali ngati mlambe, zochindikala mafiti 7. Zitseguka pang'onopang'ono, sitima nilowa m'chipinda cha konkire chopanda denga. M'litali mwake ndi mafiti 1,000, m'lifupi mafiti 110. Inu alimi mudzamva msanga ndikati ndi munda wa maekala awiri ndi theka. Chipinda chotere Angerezi amachitcha loko, dzina lomwe lija la loko wa pachitseko, chifukwa madzi amatsekeredwamo.

M'mbali zonse ziwiri muli njanji, ndipo panjanjipo payenda timainjini ta magetsi timene amatitcha nyulu. Nyuluzi zigwira sitima ndi zingwe zachitsulo kuti isakhule khoma, pakuti sitima zina zimatsala pang'ono kudzaza chipinda chonse, mpata wotsala mbali ndi mbali nkukhala mafiti awiri okha. Zitseko za kumbuyo zitsekeka. Kenaka muona madzi akuwira ngati mphika wa phala, ndipo khoma limene linali pamwamba panu liyamba kutsika. Si khoma likutsika ayi, ndinu mukukwera. Pasanathe mphindi 10 sitima yonse, ndi anthu ake ndi katundu wake, yakwera mafiti ngati 28.

Chodabwitsa ndi chakuti palibe mpope wokankha madziwo. Inu amene munapatutsapo madzi a mtsinje kulowetsa m'dimba mudziwa kale chinsinsi chake: madzi safuna kukankhidwa, angofuna kuwatsegulira njira yochokera pamwamba kunka pansi. M'kati mwa makoma muli ngalande zazikulu, ndipo pansi pa chipinda pali mabowo ambirimbiri. Akatsegula, madzi a m'chipinda cha kumtunda atsikira m'chipinda cha kumunsi mpaka onse alingana. Akalingana, zitseko za patsogolo zitseguka mosavuta, sitima nilowa m'chipinda chachiwiri. Achitanso chimodzimodzi, kenaka kachitatu. Pa malo otchedwa Gatún makwerero ndi atatu, ndipo mukatuluka muli mafiti 85 pamwamba pa nyanja yamchere, pa nyanja ya madzi ozizira imene anthu anapanga potseka mtsinje wa Chagres.

Ulendo wotsalawo ndi wosangalatsa maso. Muyenda pakati pa zilumba zimene kale zinali nsonga za mapiri, kenaka mulowa mu mpata wa Culebra, mailosi ngati 8 amene anakumba m'phiri. Pa Pedro Miguel mutsika khwerero limodzi, pa Miraflores awiri, ndipo dzuwa lisanalowe muli m'nyanja ya Pacific. Ulendo wonse utenga maola 8 kapena 10. Koma dziwani kuti sitima imodzi ikadutsa m'zipinda zakalezi, magaloni ngati 52 miliyoni a madzi abwino atayikira m'nyanja yamchere, ndipo wobwezera madziwo ndi mvula yokha. Mu 2023 mvula inavuta ku Panama, nyanja ya Gatún inaphwera, ndipo eni ngalande anachepetsa sitima zodutsa pa tsiku, zina nkumadikira pamzere masiku ambiri.

Anthu a m'sitima amajambula zithunzi ndi kuomba m'manja, koma ngalandeyi inadya anthu. Oyamba kuyesa anali Afalansa mu 1881, motsogozedwa ndi Ferdinand de Lesseps. Bwana ameneyu ndiye anakumbitsa ngalande ya Suez, imene inatsegulidwa mu 1869. Ku Suez dziko ndi lathyathyathya, la mchenga, kotero kuti sikunafunike khwerero ndi limodzi lomwe. Iye anayesa kuti ku Panama adzachitanso chomwecho, kungokumba mpaka nyanja ziwiri zikumane. Mapiri anagumuka, mvula inadzaza maenje, malungo ndi nthenda yachikasu zinapha anthu pafupifupi 22,000, ndipo mu 1889 kampani yake inagwa. Aamerika anatenga ntchitoyo mu 1904. Dokotala wao, William Gorgas, anayamba walimbana ndi udzudzu, kuuma zithaphwi ndi kutchinga mazenera. Amisiri nao anavomera kuti phiri silingachotsedwe lonse, koma sitima ikwezedwe. Ngakhale zinali choncho anafanso anthu ngati 5,600. Ambiri mwa okumbawo anali anthu akuda ochokera ku zilumba za West Indies, makamaka Barbados, ndipo malipiro ao anali a siliva pamene Azungu ankalandira a golide. Pa 15 Ogasiti 1914 sitima yotchedwa Ancon inadutsa, ngalande nitsegulidwa.

Tsopano tibwerere kwathu, mutasunga m'mutu manambala awiri aja: mailosi 50, ndi mafiti 85.

Shire ali ndi makhalidwe atatu. Kuchokera ku Mangochi, kudzera ku Malombe ndi Liwonde mpaka ku Matope, ndi wofatsa. Kuchokera ku Chikwawa kunka ku Zambezi ndi wofatsanso. Koma pakati, chigawo chimene chiyamba kuno kwathu m'malire a Neno ndi Blantyre, ndi wolusa: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, Kapichira. Utali wa chigawo chimenechi ndi pafupifupi mailosi 50, wofanana ndi wa ngalande ya Panama. Koma m'mailosi amenewa madzi atsika mafiti ngati 1,200. Werengani nokha: kumeneko ndi kukwera kwa ku Panama kuchulukitsa ka 14. Tikadati timange zipinda za mafiti 28 chimodzichimodzi, zikadafunika zoposa 40 zondondozana, zosemedwa m'thanthwe. Ngakhale ku China, pa damu lalikulu la Three Gorges pa mtsinje wa Yangtze, pamene sitima zimakwera makwerero asanu, kukwera konse ndi mafiti ngati 370. Pamenepo sipafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kutsika kwa Shire.

Mmodzi mwa Azungu oyamba kugunda mutu pa miyala imeneyi anali Dr. David Livingstone. Mu 1858 anali atabwerera kale pa mathithi a Cahora Bassa pa Zambezi, kumene ankayembekeza kupeza mseu wa pamadzi wolowa m'kati mwa Africa. Tsono anapatukira m'Shire ndi kasitima kake kotchedwa Ma Robert, ndipo mu Januwale 1859 anafika pa Kapichira, naima. Mathithiwo anawapatsa dzina la bwenzi lake, Murchison, ngakhale eni dziko anali nao kale maina ao. Ku Nyanja anakafika chaka chomwecho mu Seputembala, koma wapansi. Mu 1861 anthu anamsenzera bwato laling'ono kulambalala mathithi, nayenda nalo pa Nyanja. Pofuna sitima yeniyeni yoopseza ogula akapolo, anapangitsa ina ndi ndalama zake, mapaundi 6,000, naitcha Lady Nyassa. Mu 1863 anaifikitsa m'munsi mwa mathithi, nayamba kuimasula ndi kulambula mseu woinyamulira. Koma chaka chimenecho m'chigwa munali njala yoopsa ndi nkhondo za akapolo. Chakudya kunalibe, onyamula kunalibe. Mnyamata wina wa paulendowo, Richard Thornton, anamwalira, ndipo manda ake ali pafupi ndi Kapichira. Boma la ku England linamuitana Livingstone kuti abwerere. Lady Nyassa inamangidwanso, ndipo mu 1864 anaoloka nayo nyanja yamchere mpaka ku Bombay, ku India. Taonani, sitima imene inatha kuoloka nyanja yaikulu yonseyo inalephera mailosi 50 a Shire, ndipo Nyanja imene inatchulidwa dzina lake sinaione konse.

Chimene chinakanika mu 1863 chinatheka mu 1875. A Mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr. Robert Laws, anadza ndi sitima ya mafiti 48 yotchedwa Ilala, dzina la dera limene Livingstone anafera. Sitimayi inapangidwa mwanzeru, ya zidutswa zomanga ndi mabawuti. Atafika pa mathithi anaimasula yonse. Young anali wodziwana kale ndi Amakololo, anthu aja amene Livingstone anawasiya m'chigwa ndipo anasanduka mafumu, monga Kasisi ndi Chipatula. Mafumuwa anamema anthu ngati 800. Munthu aliyense anasenza katundu wa mapaundi ngati 50 kulemera kwake, ena chitsulo cha m'nthiti mwa sitima, ena zipangizo za injini, ena bokosi la mabawuti, ulendo wa mailosi ngati 60. Inu mulidziwa dzuwa la mwezi wa Seputembala m'chigwa muno, ndi m'mene chitsulo chimatenthera chikakhala padzuwa. Mudziwanso miyala ndi minga ya m'mbali mwa Shire. Malipiro ao anali nsalu. Ndipo chimene Azunguwo sanaleke kuchitama m'makalata ao ndi ichi, chakuti pomanganso sitimayo kumtunda kwa mathithi sipanasowe kachidutswa ngakhale kamodzi. Bawuti imodzi ikadatayidwa m'tchire ndi munthu wotopa, palibe akadamuona. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'Nyanja.

Imeneyi ndiyo inali ngalande yathu, abale anga. Ku Panama sitima ikwezedwa ndi madzi. Kuno inakwezedwa ndi mitu ndi mapewa a makolo athu, ndipo anaikweza mafiti 1,200 kudakali zaka 39 kuti Ancon idutse.

Kuyambira pamenepo njira inakhazikika. Mu 1878 inayamba kampani ya African Lakes, ya abale awiri John ndi Frederick Moir, imene tonse tiidziwa ndi dzina lakuti Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John. Sitima za kumunsi zinkatula katundu kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Amtengatenga ankakwera naye phiri mpaka ku Blantyre, natsikanso naye ku Matope, mailosi oposa 60 onse pamodzi. Pa Matope sitima za kumtunda zinkamulandira kunka naye ku Nyanja. Chokwera chinali nsalu, mikanda, zitsulo ndi makalata. Chotsika chinali makamaka minyanga ya njovu. Azungu eni ake ankanyamulidwa pa machila. Munthu wopita pa Matope lero sangaganize kuti pamenepo panali doko lodziwika mpaka ku Glasgow ndi ku London, koma ndi momwemo. Mu 1885 a Mishoni ya U.M.C.A., mpingo womwe uja wa Anglican umene uli ndi mishoni pa Matope, anamangira pomwepo sitima yao yotchedwa Charles Janson.

Katundu woposa onse anali wa sitima ya Chauncy Maples, yotchedwa dzina la Bishopu amene anamira m'Nyanja mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow mu 1899, nitumizidwa kuno m'zidutswa zoposa 3,000. Koma boyila wake, ndiye mphika waukulu wophikira nthunzi, sakadatheka kudulidwa, ndipo ankalemera matani 11. Anamuika pa ngolo ya mateyala achitsulo, Angoni 450 namukoka ndi zingwe, kukwera naye zitunda ndi kuoloka naye makwawa, tsiku lina kuyenda mailosi ochepa okha. Ndipo tsoka lina linadikira kutsogolo: manambala amene amisiri a ku Scotland anadinda pa zidutswa anakwiririka pamene ankazikuta kuti zisachite dzimbiri, kotero kuti omanga anachita kuyesa chidutswa ndi chidutswa kuti aone pamene chilowa. Sitimayo inayamba kuyandama mu 1901.

Tisanamizane kuti ntchito ya mtengatenga inali yokondweretsa. Boma la Atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba, ambiri anasenza katundu chifukwa panalibe njira ina yopezera mashilingi a msonkhowo. Ndipo inu mudziwa chimene chimachitika pamudzi mwamuna akachoka nthawi yosoka kapena yobzala: munda utsala ndi mayi ndi ana, udzu upambana chimanga, nkhokwe nikhala yopepuka. Nthawi ya dzinja onyamula ankasowa, katundu nkuunjikana kwa Katunga miyezi yambiri, eni minda ya khofi nkumakangana ndi eni sitima polimbirana anthu omwewo. Ndi chifukwa chake onse anayamba kulirira njanji.

Koma chimene chinapha doko la Matope poyamba si njanji ayi, ndi mtsinje womwewo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Nyanja inayamba kuphwera. Sitima zinaleka kufika ku Matope, kenaka zinalephera ndi ku Liwonde komwe. Mitsinje yaing'ono yothira m'Shire inatula mchenga ndi matope pakamwa pake, bango linamera, ndipo mu 1915 madzi a m'Nyanja analekeratu kutuluka. Kwa zaka 20 Shire wa kumtunda anali madambo ndi maiwe, ndipo anthu analima chimanga pansi pa nyanja ya Malombe. Mvula itachuluka zaka zotsatizana, Nyanja inadzala, nigumula mchenga uja cha mu 1935. Ganizani tsono, akadakhala kuti wina anawononga chuma chake kusema zipinda 40 m'miyala ya Nkula ndi Mpatamanga, zikadakhala zouma zaka zonsezo, mbuzi zikugonamo.

Pamene madzi ankabwerera, ntchito yao inali itatengedwa kale. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi unatha, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima, pafupi ndi Nyanja. Katundu wochokera ku Beira sanafunenso mutu wa munthu kapena sitima ya m'Shire.

Pambuyo pa nkhondo yachiwiri Boma linayang'ananso mtsinjewu, koma ndi maso ena. Mu 1954 amisiri a kampani ya Sir William Halcrow anapereka malangizo a ntchito yaikulu ya chigwa cha Shire: kuweruza madzi a m'Nyanja, kupanga magetsi, ndi kuumitsa madambo a kumunsi kuti alimidwe. Ndalama zake zinali zambiri, kotero zinachitika pang'onopang'ono. Mu 1956 anatseka mtsinje pa Liwonde ndi chiunda cha dothi, chimene sichinakhalitse, pakuti mu 1957 madzi anadutsanso. Mu 1965 anamanga baraji ya zitseko 14 imene ilipo mpaka lero. Zitseko zimenezi zifanana ndi za ku Panama pa chinthu chimodzi, chakuti zisunga madzi kumtunda ndi kuwatulutsa mwa muyeso. Muyesowo ndi wa makina a magetsi. Mu 1966 makina oyamba anayamba kuzungulira pa Nkula, opereka mamegawati 24. Tedzani anatsatira mu 1973, Nkula wachiwiri kuyambira 1980, Kapichira mu 2000. Kugwa kwa madzi komwe kuja kunabweza Livingstone ndi kuthyola misana ya amtengatenga ndiko kumazunguza makinawo, ndipo magetsi ambiri a dziko lino achokera m'mailosi 50 omwewa. Mdani wao ndi yemwe uja anatseka mtsinje mu 1915: dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo, lodzera m'mitsinje yathu yomwe ino, pamodzi ndi namasupuni woyandama kuchokera kumtunda. Dothilo limadzaza madamu, amisiri nkumachita kulikumba ndi makina.

Maloto a sitima sanathe konse. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko pa Nsanje, ndi cholinga chakuti katundu azidzera m'Zambezi ndi m'Shire monga kale. Chombo chonyamula feteleza chimene chinayenera kufika tsikulo chinaimitsidwa ndi Boma la Mozambique, limene linati kufufuza za mtsinjewo kunali kusanachitike. Koma onani pamene dokolo linamangidwa: kumunsi kwa mathithi, kumene njanji ya 1908 inayambira. Chombo chija chikadafika, feteleza wake akadakwerabe phiri pa galimoto kapena panjanji, njira yomwe ija ya amtengatenga.

Sitima imene imadutsa m'boma la Neno masiku ano ndi ya pamtunda. Njanji yake anayamba kuimanga mu 2012. Ichokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, idzera ku Mwanza ndi kuno kwathu, nikakumana ndi njanji yakale pa Nkaya, kunka ku doko la Nacala. Inyamula malasha, mabogi ambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo Shire imamuoloka pa Liwonde, kumtunda kwa mathithi onse.